Kilatchi yalowa pansi: mugule chiyani, ndipo mpweya muuchotse bwanji?

Pedulo ya kilatchi ikamafa sichita phokoso. M'mawa mumangomva ngati yafewa pang'ono, masana livesi ikulowa mokukuta mano, kenako tsiku lina mukuponda phazi likungopitirira mpaka pansi, pedulo osabwerera. Yanga inandichitira zimenezi pa Hilux ya dizilo, madzulo anthu akuweruka, ndili pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, maminibasi kumbuyo akuliza mahutala ngati ndachitira dala. Ndinaikoka pedulo ija ndi nsonga ya nsapato, kupopa kanayi kapena kasanu, giya n'kulowa, ndipo ndinakafika kunyumba ndili mu sekondi njira yonse.

Zimene ndilembe pano zikukhudza kilatchi yoyendera fuluwidi. Ngati galimoto yanu ndi ya otomatiki, monga momwe alili ambiri mwa magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan, mulibe nazo ntchito. Ngati ndi ya chingwe, monga Citi Golf yakale ija, vuto lanu ndi lina.

Kapangidwe kake ndi kachidule. Kuseri kwa pedulo, pa khoma lolekanitsa injini ndi mapazi a dalaivala, pali master cylinder. Pansi, pambali pa giyabokosi, pali slave cylinder. Pakati pake pamadutsa paipi yachitsulo ndi kachidutswa ka paipi yalabala, ndipo mkatimo mumayenda buleki fuluwidi yemweyo wa mabuleki. Mukaponda, master imakankha fuluwidi, fuluwidi amakankha pisitoni ya slave, slave imakankha foloko, kilatchi n'kumasuka. Fuluwidi safinyika, koma mpweya umafinyika. Ndiye kathovu kakang'ono kakalowa mupaipi, phazi lanu limathera mphamvu kufinya kathovuko, foloko osasuntha mokwanira.

Musanapite kukagula kanthu, pezani chimene chafa. Gwadani pakhomo la dalaivala ndi tochi, muyang'ane pomwe kachitsulo ka pedulo kamalowera mu master. Kapeti akanyowa pamenepo, kapena penti akamasupuka, master ikuchuchira kumbuyo. Lowani pansi, mufinye kalabala kophimba kukamwa kwa slave: kakatulutsa fuluwidi, slave yatha. Pali imfa ina yosaoneka ndi maso, pomwe kathanki ka fuluwidi kamakhala kodzaza ndipo palibe podontha. Lizani injini pamalo opanda chotchinga kutsogolo, lowetsani giya wani, mugwire pedulo pansi osasiya. Galimoto ikayamba kukwawa yokha pakapita kanthawi, malabala a mu master akulambalalitsa fuluwidi mkati momwemo. Koma ngati vuto ndi lakuti injini ikulira kwambiri pachitunda galimoto osathamanga, kawirikawiri imeneyo ndi kilatchi puleti yomwe yatha, ndipo ngakhale mubulide (kuchotsa mpweya mupaipi) tsiku lonse palibe chisinthe.

China choti muone muli pansi pomwepo: kodi slave ikuoneka? Pa Hilux ndi Hiace zomwe tinazolowera kuno, imakhala kunja, yomangidwa ndi mabawuti awiri, ndipo munthu amaichotsa tiyi asanazizire. Pa magalimoto ena, makamaka ambiri a Ford ndi Opel, slave imakhala mkati mwa chigoba cha giyabokosi, yolumikizana ndi beringi. Mumangoona paipi ikulowa m'chigobamo. Imeneyo ikachucha ndiye kuti giyabokosi itsike, ndipo ine ndingati pitani nayo ku galaja, musinthiretu ndi kilatchi yonse popeza mwatsegula kale.

Malabala, yatsopano, kapena yochotsa pa galimoto ina

M'mashopu a masipeya, kaya ku Biwi, ku Limbe kapena ku Mzuzu, adzakufunsani funso limodzi: «Mukufuna kiti kapena yonse?» Kiti ndi kapaketi ka malabala, nthawi zina kali ndi pisitoni ndi sipuling'i. Ndi kotsika mtengo kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ambiri timathamangira komweko. Kamagwira ntchito, koma pokhapokha mkati mwa silinda muli mosalala ngati galasi. Phwasulani silinda, muitsuke, muiwalitse ndi tochi, muyendetsemo chikhadabo. Chikhadabo chikakodwa penapake, kapena mukaona timaenje ta dzimbiri, malabala atsopanowo adzadyeka pa malo omwewo pakangopita masabata ochepa, ndalama n'kulowa m'madzi pamodzi ndi Loweruka lanu. Silinda yachitsulo cholemera chija imalola kuikwecha pang'ono ndi sandipepala wosalala kwambiri. Ya aluminiyamu musaikweche, chifukwa mumachotsa khungu lolimba la mkati mwake. Ya pulasitiki sakonza n'komwe.

Poika kiti, anthu ambiri amalakwa pa kutsuka. Timazolowera kutsuka zitsulo ndi petulo kapena parafini, koma malabala a mu fuluwidi amadana ndi mafuta amtundu umenewo: amatupa, n'kufewa ngati mkate wonyowa. Tsukani ndi sipiriti kapena ndi fuluwidi watsopano, ndipo pobwezeretsa pakani fuluwidi yemweyo, osati girisi wamba kapena oyilo. Mlomo wa kalabala umayang'ana komwe kukuchokera mphamvu ya fuluwidi. Jambulani ndi foni musanachotse akalewo, chifukwa mukatembenuza pedulo sidzagwira konse.

Silinda yatsopano yathunthu ndiyo njira yogona nayo tulo, koma zatsopano zili mitundumitundu. Pali ya kampani yomwe inapanga galimoto, pali ya makampani omwe amapangira kampaniyo, monga Aisin pa magalimoto a Toyota, ndiye pali zina zopanda dzina lodziwika, zotchipa pafupifupi ngati kiti. Zomalizazi zina zimakhala, zina zimachucha mwezi usanathe, ndipo poyang'ana bokosi simungadziwe. Ine pa master sindinyengerera, chifukwa kuisintha n'kogwada chagada pansi pa chiwongolero, khosi likupweteka, ndipo sindifuna kubwereza. Pa slave yakunja munthu angayese yotsikirako mtengo, popeza ikalephera ndi mabawuti awiri okha. Chofunika kwambiri n'kukula kwa bowo. Nthawi zambiri kumalembedwa pa thupi la silinda, monga 5/8 kapena 3/4. Mukaika ya bowo losiyana, pedulo idzalemera kapena kilatchi sidzamasuka mokwanira, inu n'kumaganiza kuti mudakali mpweya. Nyamulani yakaleyo popita kushopu, muziike pamodzi pa kauntala, muone mabowo a mabawuti ndi mbali yomwe paipi imalowera.

Yochotsa pa galimoto ina ndimaiika kumapeto. Chitseko, getsi, ngakhale giyabokosi, munthu angagule zakale. Koma silinda yomwe yakhala miyezi pa galimoto yakufa imakhala yamwa chinyezi, ndipo malabala ake ndi a msinkhu womwewo ndi anu amene afawo. Phindu lake ndi limodzi: ngati galimoto yanu ndi yosowa masipeya, mungagule yakale ya orijino yomwe mkati mwake muli bwino, n'kuikamo kiti yatsopano. Zikatero yaposa yatsopano yopanda dzina.

Nanga musinthe imodzi kapena zonse ziwiri? Ziwirizi zakalamba limodzi, zamwa fuluwidi wakuda yemweyo. Ine ndinasintha slave yokha poyamba, chifukwa ndi yomwe inkachucha, ndipo master inanditsatira mvula isanathe. Thumba likalola, sinthani zonse mubulide kamodzi. Likakana, sinthani yomwe yafa, koma fuluwidi yense wakale atuluke. Muyang'anenso paipi yalabala ija: ikakhala ndi ming'alu kapena ikamatupa wina akaponda, nayonso ipite.

Za fuluwidi n'zachidule. Werengani pa chivundikiro cha kathanki: DOT 3 kapena DOT 4. Awiriwa amasakanizika, ndipo DOT 4 amapirira kutentha kuposa mnzake, popeza ali watsopano sawira asanafike madigiri 230 pomwe malire a DOT 3 ndi 205. DOT 5 ndi wa silikoni, sasakanizika ndi amenewa. Fuluwidi amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndiye botolo lomwe linatsegulidwa chaka chatha n'kuikidwa pawindo lisiyeni, gulani lomata. Ndipo akadonthera pa penti, thirani madzi msanga, amasupula.

Pomasula, mdani wamkulu ndi nati ya paipi yachitsulo. Pa Toyota nthawi zambiri ndi ya 10, ndipo ndi yofewa. Sipanala wamba yotsegula kukamwa imaiphwanya makona, mukatero mwayamba ntchito ina. Pali sipanala yake yomwe imazungulira nati pafupifupi yonse, yongosiya kampata kolowetsera paipi. Igulani kapena bwerekani. Masulani natiyo silinda idakali yomangidwa, ndipo pobwezera yambani kuipota ndi zala silinda isanalimbitsidwe, kuti isalowe mopingasa. Ngati mwakweza galimoto, isakhale pa jeke yekha kapena pa njerwa zowotcha. Hilux ili ndi mwayi woti munthu amalowa pansi osakweza n'komwe.

Kubulida

Apa ndiye pomwe anthu amataya mtima. Amene anabulidapo mabuleki amaganiza kuti n'chimodzimodzi, koma kilatchi ili ndi khalidwe lake. Pa mabuleki, mukapopa pedulo imalimba, mumamva kuti zikuyenda. Pa kilatchi, master ndi yaing'ono, imakankha fuluwidi wochepa, ndipo ikakhala yodzaza mpweya pedulo imangogwa n'kukhala pansi, yofunika kuikoka ndi dzanja. Chinanso, mpweya umafuna kukwera, pomwe nipo yobulidira, kabawuti ka bowo kotulutsira fuluwidi, ili kumunsi, pa slave. Mukamapopa mukukankhira thovu kumunsi, mukangopumira lokha likubwerera kumtunda. Njira zonse zobulidira zimasiyana pa mmene zimachitira ndi khalidwe limeneli.

Ngati master ndi yatsopano, ithireni fuluwidi isanamangidwe. Igwireni mowongoka, tsekani potulukira ndi chala, mukankhe pisitoni pang'onopang'ono kangapo, mukumasula chala pokankha ndi kutseka pobwerera, mpaka fuluwidi atuluke wopanda thovu. Mphindi zochepa zimenezi zimapulumutsa ola lathunthu.

Njira yomwe aliyense amaidziwa ndi ya anthu awiri. Wina pampando, wina pansi ndi sipanala, kapaipi koonekera mkati kovekedwa pa nipo, mbali inayo m'botolo. Ine ndinagwira ndi mlamu wanga, ndipo ola loyamba linapita pachabe chifukwa chosamvana.

«Alamu, pondani.»

«Ndaponda.»

«Gwirani pomwepo, musasiye.»

Ndikutsegula nipo, fuluwidi akutuluka ndi timathovu, ndisanatseke ndikumva pedulo yabwerera.

«Alamu, mwasiya bwanji?»

«Inalowa pansi yokha, ndiye ndaikoka.»

Pedulo ikakwera nipo ili yotsegula, slave imayamwa mpweya womwe mwangotulutsawo. Lamulo lake ndi lakuti wapansi ndiye amalamula, ndipo wapampando sakweza phazi asanamve mawu oti «ndatseka». Komanso asapope mothamanga ngati akupopa tayala la njinga, chifukwa kutero kumaswa thovu lalikulu kukhala timathovu tosawerengeka tomwe timavuta kutuluka. Aponde kamodzi mofatsa, agwire, mutsegule, mutseke, akweze ndi dzanja pang'onopang'ono, mudikire pang'ono kuti master imwe fuluwidi wina. Ndipo pakapita maulendo anayi kapena asanu, wina ayang'ane kathanki. Ndi kakang'ono, kamatha msanga, ndipo kakauma mwayambiranso pachiyambi. Pa magalimoto omwe kilatchi ndi mabuleki zimamwera kathanki kamodzi, kapaipi ka kilatchi kamatengera cham'mwamba, dala, kuti kilatchi ikachucha isamalize fuluwidi wa mabuleki. Ndiye kathanki kangaoneke ngati kali ndi theka pomwe kilatchi ikumwa kale mpweya. Kazikhala kodzaza nthawi yonse.

Njira imeneyi siifuna chida chogula, ndipo mphamvu ya phazi imatulutsa zinyalala bwino. Kuipa kwake, kupatula kufuna munthu womvera, n'koti pa master yakale yomwe simunasinthe, kupopa kwambiri kumatha kumaliza malabala omwe anali atatopa kale.

Mukakhala nokha, pali njira ya botolo: thirani fuluwidi pang'ono m'botolo, nsonga ya kapaipi imire m'menemo, tsegulani nipo pang'ono, mukapope nokha. Pedulo ikamabwerera imayamwa fuluwidi wa m'botolo m'malo mwa mpweya. Imathandiza, koma simuona zomwe zikutuluka chifukwa muli pampando, ndipo mpweya wina umalowera m'mazinga a nipo yomasulidwayo. Ndimaiona ngati yoyambira chabe.

Yomwe anthu amainyoza koma ine ndimaikonda ndi yongosiya fuluwidi atsike yekha. Dzazani kathanki, musatseke chivundikiro, tsegulani nipo, mukhale pansi. Popeza master ili pamwamba ndipo slave ili pansi, fuluwidi amayenda yekha, dontho ndi dontho. Poyamba sipatuluka kanthu, mumayamba kukayika, kenako kapaipi kamanyowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu ntchito yanu n'kuthira fuluwidi pamwamba ndi kugogoda paipi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kuti timathovu tomatirira tisunthe. Pa Hilux, pomwe paipi imangotsika, njira imeneyi yokha imabweretsa pedulo pafupifupi yonse. Imalephera pa galimoto yomwe paipi yake imakwera kaye pamwamba kuposa master isanatsike, chifukwa thovu limakhala pa nsonga ya phiri limenelo osasuntha.

Zida zogula zilipo ziwiri. China ndi kapampu koyamwa, monga ka Mityvac, komwe mumalumikiza pa nipo n'kukoka fuluwidi kuchokera pansi. Ndi kachangu, ndipo munthu mmodzi amakwanitsa. Koma kamanama: kamayamwa mpweya kudzera m'mazinga a nipo, ndiye mumaona timathovu tosatha mu kapaipi ngakhale mkati mulibe mpweya, mpaka botolo lonse la fuluwidi kutha. Kupaka girisi wokhuthala kuzungulira tsinde la nipo, kunja kokha, kumachepetsa bodzalo. Chinacho ndi chokankha kuchokera pamwamba, monga Eezibleed ya Gunson, yomwe imatenga mpweya ku tayala la sipeya lophwetsedwa mpaka 20 psi kapena kutsikirapo. Pa magalimoto a ku Ulaya okhala ndi chivundikiro chopota, chida chimenechi chimagwira ntchito yaukhondo kwambiri. Koma makathanki ambiri a magalimoto a ku Japan ali ndi chivundikiro chongokanikiza, ndipo zivundikiro za m'bokosi la chidacho sizikwanapo. Mukakakamiza, chimafwamphuka n'kumwaza fuluwidi pa penti yense. Kwa munthu wa galimoto imodzi ya Toyota, amene adzabulide kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, sindiona chifukwa chogulira chilichonse mwa ziwirizi.

Yomwe inandipulumutsa ndi sirinji. Titalimbana ndi alamu mpaka dzuwa kupendeka, pedulo inkagwira koma pansi penipeni, livesi ikukukutabe. Ndinakagula sirinji yaikulu ya 60 ml ku famase, yopanda singano, n'kuilumikiza ndi kapaipi koonekera. Maganizo ake ndi osavuta: mpweya ukufuna kukwera, ndiye ukankhireni komwe ukufunako. Yambani mwachotsa fuluwidi wambiri mu kathanki kuti asasefukire. Dzazani sirinji ndi fuluwidi watsopano, muiimike kukamwa kutayang'ana kumwamba n'kukankha mpaka mu kapaipi musatsale thovu, muveke pa nipo, mutsegule, mukankhe pang'onopang'ono. Pedulo ikhale yokwera mpaka pamwamba, chifukwa ikatsika ngakhale pang'ono kabowo ka mu master kamatsekeka ndipo sirinji imalimba osayenda. Alamu anaima pa boneti akuyang'ana mu kathanki.

«Kukutuluka thovu! Lina lalikulu ndithu. Pitirizani.»

Sirinji yachiwiri isanathe, thovu linasiya. Tsekani nipo mukadali kukankha, musanachotse kapaipi.

Njira imeneyi ili ndi chenjezo limodzi lalikulu. Zinyalala zonse zimakhazikika pansi, mu slave. Mukakankha kuchokera pansi pa slave yakale, matope akudawo mukuwatumiza ku malabala a master, ndipo ngati kathanki ndi kamodzi ndi mabuleki, afikanso kumeneko. Ndiye sirinji ndi ya slave yatsopano, kapena mutatsuka kale dongosolo lonse kuchokera pamwamba mpaka fuluwidi akutuluka woyera. Gwirani kapaipi pa nipo ndi zala kapena mumange ndi kawaya, chifukwa kakavuka fuluwidi amalunjika kumaso.

Pali kachenjerero kena ka slave yakunja, kothandiza thovu likabisala mu slave momwemo. Pa magalimoto ena slave imakhala mopendekeka moti nipo sili pamwamba penipeni. Imasuleni mabawuti osachotsa paipi, muipendeketse kuti polowera paipi payang'ane kumwamba, mukankhe pisitoni mkati ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka kumapeto, muisiye ibwerere, mubwereze kangapo. Thovu limakwera lokha mpaka mu kathanki. Koma slave ili lende choncho, wina asayerekeze kuponda pedulo. Pisitoni imafwamphukira m'fumbi pamodzi ndi fuluwidi yense. Ana achotseni pampando.

Ndikanati ndiyambirenso lero pa galimoto yomweyo, ndikanathira master isanamangidwe, kusiya fuluwidi atsike yekha mpaka atuluke woyera, kenako maulendo ochepa a anthu awiri. Sirinji ndikanaisunga pafupi, yotulutsa pokhapokha pedulo ikakanabe.

Chotsala ndi kachitsulo kolumikiza pedulo ndi master, komwe kali ndi nati yosinthira utali. Yezani utali wa kakaleko musanachotse, katsopano kafanane nako. Pedulo iyenera kukhala ndi kampata koyenda yokha isanayambe kulemera; pa ma Toyota ambiri mabuku ake amati mamilimita 5 mpaka 15. Ena pedulo ikamagwira pansi amatalikitsa kachitsuloka mpaka kampata kutheratu, poganiza kuti akonza. Zikatero pisitoni sibwerera mokwanira, kabowo kobwezera fuluwidi mu kathanki kamakhala kotseka, ndipo injini ikatentha fuluwidi amafufuma n'kuyamba kukankha kilatchi yekha. M'mawa galimoto ili bwino, mukafika pa chitunda masana kilatchi ikuterereka, puleti yabwinobwino n'kupsa.

Poyesa, wina aponde inu mukuyang'ana pansi: kachitsulo ka slave kayambe kuyenda pedulo ikangodutsa kampata kaja, ndipo kakhale pomwepo osabwerera phazi likadali pansi. Kenako lizani injini, pondani, werengani mpaka zitatu, mulowetse livesi. Pa magiyabokosi ambiri akale livesi ilibe chofewetsera malowedwe, ndiye ndi imene imaulula msanga kilatchi ikamakoka. Ikalowa mwakachetechete, pukutani malumikizidwe onse aume, muike katoni pansi pa giyabokosi usiku, m'mawa muone ngati padontha kanthu.